Kaseti Imene Ndinaitsegula

Ana anga, nyumba yathu ya kumtunda ili ndi zipinda ziwiri. Pulani inali ya zipinda zinayi. Ndamva kuti mumafunsana chifukwa chake ine ndikachokapo, ndiye ndalemba kuti mumve kwa mwini nkhani. Ndalemba m'Chichewa chifukwa adzukulu anga a ku Lilongwe Chitonga amangodziwa “yewu” basi. Za ubwana wanga sindilemba. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8 ndipo sindichita nazo manyazi.

1973 mpaka 1991

Ntchito yanga yoyamba inali yoperekera zakudya pa nyumba ina yogona alendo kufupi ndi Chintheche. Mkulu wa pamalopo anali a Nkhoma, munthu wa ku Dowa, wamfupi, wosaseka. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka tayi, nati, “Inu Atonga! Munthu wodzafuna ntchito yotsuka mbale n'kuvala ngati mkwati?” Ndinayankha kuti mbale amatsuka ndi manja, osati ndi tayi. Anandilemba ntchito. Patatha zaka zinayi, wosunga katundu anapezeka ndi sopo m'masokosi, ndipo makiyi anapatsa ine. Mawu amene ananena tsikulo ndayenda nawo moyo wonse: “Manda, chinthu chomata si chako, ngakhale makiyi ali m'thumba mwako. Chimatsegulidwa tsiku limene chikutuluka, pamaso pa amene wachipempha.” Kuyambira pamenepo ndinali sitolokipa.

Kunyanja kuno mdani wa katundu si wakuba yekha. Mchere umasanduka madzi. Shuga amaundana ngati mwala. Chiswe chimadya katoni kuchokera pansi, pamwamba pakuoneka bwinobwino. Ndinaphunzira kuimika miyendo ya mashelefu m'zitini za oyilo wakutha ndi kuika makala m'makona kuti azimwa chinyezi. Zimenezi palibe sukulu imene inandiphunzitsa.

1992 mpaka 1998

Mzungu wina anamanga loji ku Kande ndipo anatuma munthu kudzandiitana. Dzina lake lenileni silikufunika pano. Ife tinkamutcha Bwana Chipewa chifukwa chipewacho ankasambira nacho chomwe m'nyanja. Anali wabwino mtima, koma mapulani ake ankachuluka kuposa nzeru. Anayesa kuweta mbuzi za mkaka, zinadya maluwa a alendo. Anagula boti la galasi pansi, linasweka sabata yachiwiri. Ankanditchula kuti “iwe” chifukwa Chichewa chake chinali chothyokathyoka, ndipo ndinamukhululukira.

Mu 1996 anabwerera kuchokera kwawo ndi makina olumikiza ku tivi, anawaika m'bala. Kwa ine anabweretsa katoni. M'katimo munali timabokosi khumi ndi tiwiri ta zithunzi zowala, kalikonse kokutidwa ndi pulasitiki yothina ngati chikopa cha ng'oma. Anati adzagulitsa kwa azungu a ku Mzuzu ndi ku Lilongwe obwera ndi ana awo kumapeto a sabata.

“Manda, izi usatsegule. Ikatsegulidwa, palibe amagula.”

“Ndi nyimbo, bwana?”

“Magemu. Masewera a pa tivi. M'kati muli katiriji.”

“Munthu wayenda ulendo wonsewo kudzaona nyanja, ndiye akhale m'nyumba kuyang'ana tivi?”

Anaseka. “Iwe sunga basi.”

Dzina la katiriji linatikanika, tonse tinkangoti makaseti. Zoti chinthu chikakhala m'pulasitiki chimakhala ndi ulemu sindinadabwe nazo. Kwathu kuno munthu akagula njinga amayenda nayo miyezi itatu asanachotse mapulasitiki, kuti mudzi wonse udziwe kuti sinakwerepo wina. Koma makasetiwo palibe anagula ngakhale imodzi. Makina a m'bala nawo anafa ndi mphenzi chaka chomwecho. Ine m'bala sindinkalowa, choncho masewerawo sindinawaone n'kamodzi komwe. Katoni ndinaiika pa shelefu ya pamwamba, kutali ndi chiswe.

Epulo 1999

Ndinaganizira chiswe, ndinaiwala denga. Chaka chimenecho mvula inagwa masiku anayi osalekeza, Bwana Chipewa ali kwawo kutchuthi. Udzu wa denga la sitolo unadontha pamwamba penipeni pa katoni ija. Timabokosi khumi ndi kamodzi tinali touma. Kamodzi, kamene kanali pamwamba, kanali ndi thukuta m'kati mwa pulasitiki. Chithunzi chake chinali cha munthu ali m'bwato pa mtsinje wa miyala. Ndinadziwa kuti sabata isanathe kachita nguwi.

Njira yowongoka inalipo: kudikira bwana ndi kumuuza kuti ndinaika katundu pamalo olakwika. Koma zaka zisanu ndi ziwiri palibe chimene chinaonongekapo m'manja mwanga, ndipo bwanayo ankanyadira zimenezi kwa eni maloji anzake, ine ndikumva. Ndinatenga lezala. Ndinacheka pulasitiki motsatira msoko wake, pang'onopang'ono monga mmene timatumbulira usipa, ndinasolola kabokosi. Ndinatulutsa kaseti ndi kabuku kake, ndinaziyanika pamthunzi masiku atatu, sitolo ndatseka. Zitauma ndinabwezera zonse m'pulasitiki yomwe ija. Kunatsala kumata.

Wochapa zovala pa loji anali NyaKamanga, mayi wa ku Usisya, wa phwete lomveka mpaka ku geti. Dzanja lake pa simbi ya makala linali lodziwika: sanawotchepo malaya a mlendo. Ndinamuonetsa kabokosi kaja.

“Ada Manda, mwayamba liti kusititsa mapulasitiki? Matayi atha?”

“Ama, ndikufuna nsonga yokha ya simbi. Isatenthe kwambiri.”

“Eee! Ada Sitolo atsegula katundu wa bwana? Lero mvula ikhala ndi chifukwa.”

“Gwirani ntchito.”

Anayala kampango pamwamba pa msoko, analavulira simbi kuti amve kutentha kwake, kenako anayendetsa nsonga kamodzi kokha kuchokera uku mpaka uko. Atachotsa kampangoko, ine ndemwe sindinathe kuona pamene ndinacheka.

“Ngakhale amene anaipanga sangadziwe,” anatero.

“Nkhaniyi ithere pano.”

“Ithera pano mukandigulira chozizira. Pakamwa pouma pamalankhula.”

Ndinamugulira. Denga ndinalikonzetsa bwana asanabwere. Makaseti ndinawasamutsira m'bokosi lachitsulo, pansi ndinaika makala okulunga m'nsalu. Bwana atafika anandifunsa ngati zonse zili bwino, ndinati inde.

2004 mpaka 2018

Mkazi wa Bwana Chipewa atayamba kudwaladwala, bwanayo anagulitsa loji. Tsiku lomaliza analowa m'sitolo, anaona bokosi lija, anapukusa mutu. “Zinatha ntchito izi, Manda. Masiku ano ana amasewera za madisiki. Tenga, ukapatse ana ako.” Anandigwira dzanja nthawi yaitali, nati pa antchito ake onse ine ndekha sindinamubisirepo kanthu. Mpata wonena unali umenewo. Sindinanene.

Bokosi ndinabwera nalo kunyumba pa njinga. Akuluakulu mukulikumbukira, ndipo mukukumbukiranso kuti sindinalole aliyense kulikhudza. Munalibe makina oti n'kuseweramo, nanga kutsegula kukanapindula chiyani? Amayi anu ankalifuna kuti azisungamo zitenje, ndinakana. Chaka chilichonse mu Seputembala, kukauma, ndinkalitsegula, kusintha makala, kupukuta timabokosi ndi nsalu youma, kutsekanso. Mukandifunsa chifukwa chake, ndilibe yankho lomveka. Dzanja likazolowera kusunga silifunsa.

Mwini watsopano anaika manijala, Mayi Chisale a ku Lilongwe. Poyamba sitinkamvana, chifukwa ankafuna makiyi apadera a sitolo. Ndinawauza kuti sitolo ya makiyi awiri ilibe mwini. Anandiyang'ana, nati, “Bambo Manda, mumadziwa kuti ine ndine bwana wanu?” Ndinati ndikudziwa, n'chifukwa chake ndikukuuzani m'maso. Tinadzamvana m'zaka za kusowa kwa mafuta, 2011 ndi 2012, pamene dizilo wa jenereta ndinkamuyeza ndi botolo ndipo shuga wa alendo ndinkamutulutsa ndi supuni. Maloji oyandikana nafe firiji zinazima, nsomba zinaola. Kwathu ayi. Mu 2018 ndinapereka makiyi kwa Mayi Chisale pamaso pa antchito onse, ndipo iwo analira. Ine sindinalire.

2024

Chaka chimenechi nyanja inakwera kuposa mmene ndinaionerapo. Nyumba imene nonse munabadwiramo inali pafupi ndi mchenga. Madzi anayamba ndi mtengo wa mango, anafika pakhonde, kenako m'chipinda. Tsiku losamuka, chinthu choyamba chimene ndinasenza chinali bokosi lachitsulo. Amayi anu, amene maondo awo mukuwadziwa, anali atakhala pa mpando madzi akufika mu akakolo, nati, “Mwanyamula bokosi, mkazi mwamusiya.” Ndinabwerera kudzawatenga, koma mpaka lero nkhaniyi amaiuza aliyense wobwera. Khoma la kunyanja linagwa sabata yotsatira. Tinakakhala m'khitchini ya msuweni wanga. Malo omangapo analipo, munda wathu wa chinangwa kumtunda. Chomangira panalibe.

Tawonga, chitsiriza wathu, amagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ku Chintheche. Kumeneko kunafika mzungu wina wa zaka ngati makumi anayi. Tsiku lina ankamuonetsa zithunzi za kwawo pa foni, ndipo Tawonga anaona khoma lonse lodzaza timabokosi tofanana ndi timene ankandiona ndikupukuta ali mwana. Anabwera naye. Tinakhala pansi pa mtengo, bokosi pa tebulo. Ine ndinavala tayi.

Nditatsegula, munthuyo anasuzumira m'katimo. Anavala magolovesi opyapyala, anatulutsa tochi ndi kagalasi kokulitsa zinthu. Kuyambira pamenepo tinkamutcha Bambo Kagalasi. Chingerezi changa cha m'hotela chinakwana, pamene chinkaperewera Tawonga ankamasulira. Anandifotokozera kuti ana amene ankasewera magemu amenewa kale, lero ndi akuluakulu a ndalama, ndipo amafunafuna zimene makolo awo ankawakaniza. Makaseti ambiri anatsegulidwa, timabokosi tinang'ambika, tinatayidwa. Choncho yosatsegulidwa imakhala ya mtengo kuposa yotsegulidwa kutali kwambiri. Amaitumiza kwa akatswiri, iwo amaiyang'ana makona ndi msoko, amaitsekera m'chikwama cholimba choonekera m'kati, mwini wake n'kuiika pa shelefu.

“Ndiye amaitsegula liti?” ndinafunsa.

“Satsegula.”

“Mumagula chinthu kuti musachigwiritse ntchito?”

“Nanga inu, bambo, mwachigwiritsa ntchito yanji zaka zonsezi?”

Tawonga anaseka. Ine ndinangokonza tayi.

Makaseti khumi ndi imodzi anati ndi abwino, osungidwa bwino kuposa ambiri a kwawo kozizira, koma si osowa kwenikweni. Kenako anafika pa ya munthu wa m'bwato. Anati amene anaipanga anapanga zochepa kampani yawo n'kugwa. Zotsegulidwa zimapezeka mwa apo ndi apo, koma yomata iye anangomva mbiri, sanaionepo. Anayendetsa kagalasi pa msoko kuchokera uku mpaka uko, kawiri. Kenako anatchula mtengo. Sindiulemba pano. Tawonga anaumasulira m'chilankhulo chimene ndinamva: “Ada, ndi nyumba ya zipinda zinayi. Malata, simenti, chimbudzi cha m'kati cha Ama.”

Bambo Kagalasi anati msoko ukuoneka bwino, koma chinthu chotere chimayenda ndi mbiri yake. Ankafuna kuti ndilembe kalata yonena kumene kasetiyo inachokera, mmene ndinaisungira, ndiponso kuti sinatsegulidwepo, ndisayine dzina langa. Anandiyang'ana. “Sinatsegulidwepo, eti?”

Ndinati abwere mawa m'mawa.

Atachoka, Tawonga anandiyang'ana monga mmene amayi ake amachitira. “Ada, munthu wafunsa funso lophweka.” Ndinamuuza zonse: denga, lezala, simbi. Nditamaliza, iye anayamba. “Galasi ndi lake, maso ndi ake, wayang'ana kawiri. Inu mwamubera chiyani? Kaseti ilimo, kabuku kalimo, pulasitiki ndi yomweyo. Iyeyo akakagulitsa kwawo adzapeza zoposa zimene akupatsani. Ama akugona m'khitchini ya eni, utsi ukuwalowa m'chifuwa. Dzina lanulo lifunditsa ndani?” Mwana wanga sanandilankhulepo choncho. Sindinamukalipire, chifukwa mbali yaikulu ankanena zoona.

Masana omwewo ndinakwera minibasi kupita ku Mpamba, kumene NyaKamanga amakhala ndi mwana wake. Nkhaniyi inali yakenso. Ndinamupeza akusenda chinangwa, maso atayamba kuchita khungu koma phwete lili lomwe lija. Nditamufotokozera anaomba m'manja.

“Mzungu wa galasi walephera kuona? Ambuye! Gulitsani, Ada Manda. Msoko wanga upite ku Ulaya, poti mwini wake sindinapiteko.”

“Akufuna ndisayine kuti sinatsegulidwe.”

“Nanga dzanja lapuwala? Sayinani. Ine pakamwa munanditseka kale ndi botolo limodzi, ngakhale linali lofunda.”

Ndinkaganiza kuti andiletsa. Sanandiletse. Nditabwerera ndinafunsa amayi anu. Anati, “Ine ndikufuna denga losadontha. Zinazo ndi zanu, munayamba nokha.” Palibe anandichotsera katunduyo.

Ndinaganiza chonchi. Mu 1999 ndinabisa kuti ndisaoneke wolakwa. Mu 2004 munthu anandigwira dzanja n'kundiyamika pa chinthu chimene sichinali choona, ine n'kulandira. Zonsezo ndinazichita ndi pakamwa potseka. Tsopano zinafunika kuti nditenge cholembera, ndilembe bodza ndi dzanja langa, pansi pake ndiike dzina limene inu nonse mumayendera. Ndiponso munthuyo sankagula kaseti. Ankagula mawu akuti palibe anatsegulapo, ndipo mawu amenewo ine ndinalibe. Sitolokipa satulutsa katundu amene mulibe m'sitolo.

M'mawa Bambo Kagalasi anabwera ndi pepala ndi cholembera. Tawonga anakhala chapatali, nkhope kumbali. Ndinalankhula ndekha m'Chingerezi changa. Ndinamuuza mzunguyo chaka, mwezi, lezala, masiku atatu a pamthunzi, ndi simbi ya makala. Nkhope yake inafiira mpaka m'makutu. Anatenganso kagalasi, anapendeketsa kabokosi padzuwa nthawi yaitali, mpaka anapeza kamalo kowala pang'ono kumapeto a msoko, pamene nsonga ya simbi inapumira. Ananena mawu amodzi amene sindingalembe m'buku la ana anga.

“Simbi ya makala,” anatero, akupukusa mutu. “Akatswiri aja mwina akanaona, mwina ayi. Ine sindikanaona. Mwandiuziranji?”

“Munafunsa.”

Kenako anati kasetiyo aigulabe, poti ngakhale yotsegulidwa ndi yosowa, koma pa mtengo wa yotsegulidwa. Za khumi ndi imodzi zinazo anandifunsa ngati nazonso zili ndi mbiri ya simbi. Ndinati ayi. Sanaziyang'anenso, anangondipatsa pepala, ndinalemba zonse monga zinachitikira, ndinasayina. Mtengo wa zonse pamodzi unakwana njerwa, malata ndi mmisiri wa zipinda ziwiri. Chimbudzi chili panja.

Ndinamupempha chinthu chimodzi. Poti kasetiyo inali yotsegulidwa kale, ndinkafuna kuona chimene ndinasunga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Iyenso anati akufuna kudziwa ngati imagwira ntchito. M'chikwama mwake munali kamakina kokhala ndi galasi lakelake, kotha kuwerenga makaseti akale. Ndinatenga lezala, ndinacheka msoko wa NyaKamanga, tsiku limene katundu ankatuluka, pamaso pa amene anamupempha. A Nkhoma akanavomereza.

Inagwira ntchito. Kanyimbo kanalira, ndipo pa galasi panatuluka kamunthu kali m'bwato, kakutsika mtsinje, miyala ikubwera kutsogolo. Basi. Ndi chimenecho. Kankapalasa mbali imodzi yokha ngati mlendo wa ku Lilongwe, nkhafi kagwira pakati. Bambo Kagalasi anandipatsa kuti ndiyese. Bwato linagubuduka pa mwala woyamba. Ndinayesanso, linagubuduka pa wachiwiri. Ine amene ndinapalasapo kuchokera ku Kande mpaka ku Chintheche mwera ukuwomba. Amayi anu anaseka mpaka kutsokomola. Tawonga sanaseke.

Anakhala miyezi iwiri osandilankhula. Ankabwera kudzaona amayi ake, ine n'kungondipatsa moni wa mlendo. Tsiku lokhoma malata anabwera ndi makatani a mawindo awiri, anawapachika yekha, potuluka anati, “Ada, tayi yapindika,” n'kuikonza. Zakuti ndinachita bwino sanandiuzepo, ndipo sindinamufunse. Mwina akanakhala iye nyumbayi ikanakhala yaikulu, ndipo sindimuweruza. Inunso aliyense aganize zake.

Bokosi lachitsulo amayi anu akusungamo zitenje. Amagona pouma. Mukamabwera pa Khirisimasi ndi ana anu, bwerani ndi mphasa.